Quest 2 yogula ku Limbe ndi The Room VR: gemuyi ndi yabwino, wogulitsa ndiye ayi

Ndiyambe ndi mkulu wa shopu ya zamagetsi ku Limbe uja, chifukwa mkwiyo wanga pa iyeyu sunathebe. Dzina la shopu sinditchula, koma amene mumagula katundu wochokera ku Johannesburg mbali imeneyo tcherani khutu. Anandigulitsa Quest 2 yogwiritsidwapo kale ntchito (awa ndi magalasi a VR, ovala kumaso, okuonetsa ngati uli m'kati mwa gemu), mtengo wake ndi womwe uja mukuudziwa, wa masiku ano amene dola ikusowa. Ndinamuuza momveka bwino kuti ine ndikufuna kuilumikiza ku kompyuta (njira imeneyi amaitcha Link), ndizisewera magemu a pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti. Iye anatulutsa chingwe chakuda m'kabati n'kuti, "Bwana musadandaule, ichi ndiye cha Link chenicheni, mukangolowetsa basi." Chingwecho anandilipiritsa pachokha, ndalama zambiri ndithu.

Nditafika kunyumba ku Chilomoni, magalasi aja ankangolandira moto koma kompyuta osawaona n'komwe. Ndinasintha mabowo onse a USB, kutsogolo ndi kumbuyo, osatheka. Chinali chingwe chotchajira foni, chachitali chabe. Chenicheni cha Link chimakhala cha mamita 5, cha USB-C, ndipo chimanyamula zithunzi zochokera ku kompyuta mothamanga kwambiri. Ngakhale chotchipa cha kampani ina chimagwira ntchito bola chikhale chonyamula data, makamaka cha USB 3. Munthu wogulitsa zinthu zimenezi tsiku ndi tsiku sangalephere kusiyanitsa. Ankadziwa.

Nditabwerera, munthu yemwe ankanditchula bwana uja nkhope inali itasintha. Akuti chingwe chilibe vuto, vuto ndi kompyuta yanga, yakalamba. Kompyuta yanga ili ndi graphics card (chipangizo chojambula zithunzi za gemu) ya GTX 1660, yokwanira bwinobwino pa magemu amenewa, ndipo ndinamuuza. Sanayankhe, anangoloza kapepala komata pakhoma kakuti katundu akatuluka sabwezedwa, n'kuyamba kulankhula ndi kasitomala wina ine ndili chiimire pomwepo. Ndinamuonetsanso chogwirira cha kumanja chosewerera gemu, chomwe batire lake la AA linali litawolera m'kati mpaka kachitsulo kuchita dzimbiri. Iye amvekere, "Ndi second hand imeneyo achimwene, mumafuna ikhale bwanji?" Zinandiwawa kwambiri. Ndalama zimene ndinamupatsa si zotola. Komanso nthawi inkanditha, chifukwa gemu ndinali nditagula kale, ndipo Steam imabweza ndalama pokhapokha ngati sipanadutse masiku 14 ndipo sunasewere kupitirira maola awiri. Aliyense amene anavutikapo kulipira madola pafupifupi 30 ndi khadi la kubanki kuno akudziwa kuti si ndalama yoti ingopita.

Mnyamata wogwira ntchito m'shopumo ndi amene anandilondola panja n'kundinong'oneza kuti chingwe chija n'cha foni, ndikafunefune cholembedwa USB 3. Mnyamata ameneyo Mulungu amudalitse. Chingwe chabwino ndinachipeza m'tauni, kachitsulo ka batire ndinakapala, zonse zinayamba kuyenda.

Tsono gemu. The Room VR: A Dark Matter inapangidwa ndi Fireproof Games a ku England ndipo inatuluka mu 2020. Amene munasewerapo The Room pa foni mukudziwa kachitidwe kake: mabokosi okhala ndi madirowa obisika, makiyi, magiya, tizitseko tosaoneka. Muno nkhani ikuchitika ku London mu 1908. Iwe ndiwe wapolisi wofufuza za katswiri wa zinthu zakale za ku Egypt amene wasowa. Kusiyana kwake ndi pa foni n'kwakuti zinthu umazigwira ndi manja ako. Kiyi umamutola, kumulowetsa, kumupotokola ndi dzanja. Dirowa umaikoka, n'kuwerama kusuzumira m'kati. Pali kagalasi kovala kudiso komwe kamaonetsa zolembedwa zobisika, ndipo pena umachepa n'kulowa m'kati mwa loko, magiya n'kukhala aakulu kuposa iwe.

Chimene chinandisungunula mtima ndi amalume anga. Iwowa ndi kalipentala ku Ndirande, akhala akupanga makabati ndi mabedi kuyambira ine ndisanabadwe, ndipo foni yawo ndi ya mabatani. Anabwera Loweruka, atandiona ndikugwira mphepo pabalaza anafunsa ngati mutu ukuyenda bwino. Ndinawaveka. Poyamba anagwira mpando mwamphamvu, osafuna kusuntha. Kenaka anaona bokosi lamatabwa patsogolo pawo, mantha onse anathera pomwepo. Ine ndinkaonera pa sikirini ya kompyuta zimene iwo akuona. Sanathamangire kukoka chilichonse monga ndimachitira ine. Anayamba kuliyang'ana m'mbali, kutsatira mmene matabwa alumikizirana, kupendeketsa mutu kuti aone kunsi. Kenaka amvekere, "Mphwanga, apa pali mpata wosayenera kukhalapo. Wopanga anabisapo kanthu." Anakankha pomwepo, kanthu kanatseguka. Malo amenewo ine ndinali nditakanirirapo mpaka kufuna kukaonera mayankho pa YouTube. Anaseka mokweza mpaka mayi a kunyumba anatuluka kukhitchini ndi mthiko m'manja. Chingerezi cha m'makalata a m'gemumo ndinkawawerengera ndine, koma za manja zonse ankandiposa. Nsima inafika pozizira iwo akukana kuvula. Povula, maso ali ofiira, chipumi chili ndi mzere, anandifunsa ngati anthu amene anapanga zimenezi anaphunzirapo ukalipentala.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kudandaula za ndalama za gemu. Za chingwe ndiye ndikudandaulabe.

Chizungulire ndi mseru zimene anthu amaopa pa VR, muno n'zochepa, chifukwa suyenda ndi batani ngati m'magemu owomberana. Umaloza malo, n'kupezeka wafika, ndipo malowo ndi oikidwiratu. Thupi likaima maso n'kumaona ngati ukuthamanga, m'pamene m'mimba mumatembenuka, ndiye apa anaganiza bwino. Zimathandizanso ife a nyumba zazing'ono: sufunika bwalo lalikulu, kungosuntha tebulo basi. Musaiwale kusintha mpata wa magalasi a m'kati kuti ugwirizane ndi maso anu. Quest 2 ili ndi malo atatu, mamilimita 58, 63 ndi 68, ndipo ukalakwitsa zilembo zimaoneka mbuu, mutu n'kuyamba kupweteka.

Ndichenjeze makolo ndi anthu opemphera. Gemuyi ili ndi mdima ndithu. Muli bokosi la maliro la ku Egypt, tchalitchi chakale chopanda anthu, komanso kanyumba ka mfiti kodzaza zizindikiro zachilendo. Palibe chimene chimakuthamangitsa kapena kukupha, koma mlongo wanga atafika pa kanyumbako anavula n'kunena kuti iye zimenezi ayi. Sindinamukakamize, ndipo mwana wamng'ono sindingamuveke. Kwa otere kuli I Expect You To Die ya Schell Games, ya mu 2016, yosewera utakhala pampando. Umakhala kazitape, poyamba uli m'galimoto yomwe ili m'ndege, ukufunafuna njira yotulukira pakati pa bomba ndi mpweya wa poizoni. Umafa kambirimbiri koma moseketsa, ndipo ana a mlongo wanga amaikonda kuposa The Room. Ine ndimaiona yopepukirapo.

Zina ndi za kwathu kuno. Kutentha kwa Okutobala siponji ya kumaso imanyowa thukuta, magalasi n'kuchita nthunzi, ndiye ndimasewera usiku kapena nditayatsa fani. Magetsi akazima kompyuta imazima nawo, iwe n'kutsala mumdima uli chiimire pakati pa nyumba. Kudawuniloda kumadya bandulo, gulani ya usiku. The Room VR yokha imatha msanga, maola ochepa chabe, ndipo ukadziwa mayankho kubwereza sikukomanso ngati poyamba. Ineyo ndinamva chisoni itatha, ndinkafuna zipinda zina.

Amene mukufuna kugula, laputopu wamba ya ku ofesi yopanda graphics card yapadera siyendetsa zimenezi, wina asakunamizeni. Pitani ndi kompyuta yanu kushopu ngati n'kotheka, lowetsani chingwe pomwepo, pulogalamu ya Link ili ndi poyesera liwiro la chingwe. Tsegulani zogwirira zonse ziwiri muone mabatire, ndipo lisiti alembepo kuti chingwecho n'cha USB 3. Gemu ndaipatsa nyenyezi zisanu. Shopu ija imodzi, ndipo imodziyo ndi ya mnyamata uja.