Ndemanga yanga pa kosi ya OSHA 10 ya m'Chisipanishi yomwe anyamata anga apanga kuno ku Texas

Ndakhala ndikufuna kulemba izi chifikireni makhadi athu osonyeza kuti tamaliza kosiyi koma ntchito inandipanikiza, ndiye lero poti mvula yatiletsa kukwera padenga ndati ndikhale pansi. Ndikudziwa kuti aMalawi ambiri kuno ku America ali ku ntchito zosamalira okalamba ndi odwala, koma tilipo ena amene tili ku zomangamanga, ndipo ngati muli pa saiti ku Texas mukudziwa kale kuti anzanu ambiri amalankhula Chisipanishi. Ine ndili chakuno ku Dallas, ndine kapitawo wa kagulu ka anthu 9, timakhoma madenga. Mwa anthu amenewa 7 Chingerezi chawo ndi cha moni basi, anayi a ku Mexico, awiri a ku Honduras, mmodzi kamnyamata ka ku Guatemala.

Chomwe chinatipititsa ku kosiyi ndi ichi. Tsiku lina ndili pansi ndikuyeza matabwa, wina padenga anakuwa kuti "aguas, aguas!" Ine mawu amene ndimadziwa ndi agua, madzi, ndiye ndinangoti akufuna ndiwaponyere botolo, ndinatembenuka kupita komwe timasunga madzi ndipo nthawi yomweyo chithabwa cha pulayiwudi chinatsetsereka kuchokera pamwamba nkumenya pansi pafupi kwambiri ndi pomwe ndinaima. Palibe anavulala. Pambuyo pake ndi pomwe anandiuza kuti kwa a ku Mexico aguas ndi kunena kuti chenjera, thawa. Usiku umenewo tulo sindinatione abale. Ndimaganiza kuti ngati ine sindinamve chenjezo lawo la mawu amodzi, nanga iwo amamva zingati pa zonse zomwe ndimalongosola m'mawa uliwonse m'Chingerezi? Amangogwedeza mutu kuti sí, sí, chimodzimodzi momwe ife timayankhira aphunzitsi ku pulayimale titangoyamba kuphunzira m'Chingerezi, kuvomera pomwe sunamve kanthu chifukwa cha manyazi. Ndinakamba ndi abwana eni kampani ndipo anavomera kulipira kalasi ya gulu lonse.

Kwa amene simukuidziwa, OSHA ndi nthambi ya boma la America yoona za chitetezo cha anthu pantchito, ili pansi pa Department of Labor, inabwera ndi lamulo la mu 1970. Kosi ya OSHA 10 ndi ya maola 10, iliponso ya maola 30 ya akapitawo. Siphunzitsidwa ndi boma lenilenilo ayi, amaphunzitsa ndi anthu omwe analoledwa kutero. Ine yanga ndinapanga kale pa intaneti m'Chingerezi, ndiye ulendo uno ndinangokhala kumbuyo kwa kalasi kumaonerera. Inatenga masiku awiri, Lachisanu ndi Loweruka, chifukwa saloledwa kuphunzitsa maola opitilira 7 ndi theka pa tsiku limodzi.

Aphunzitsi ake anali mayi wina amene anagwirapo ntchito pa saiti zaka zambiri, ndipo zimaoneka, manja ake ndi kalankhulidwe kake. Zomwe ndinaona m'kalasimo mpaka pano zimandikhudza. Anthu omwe ndagwira nawo ntchito zaka ziwiri osamva funso lawo ngakhale limodzi, amene ndimawayesa ofatsa, tsiku limenelo amalimbirana kuyankhula, kutsutsana, wina kuimirira kusonyeza momwe mnzake anagwera ku Houston kalekale. Bambo wamkulu pagulu lathu, amene wakhoma madenga nthawi yaitali kuposa tonsefe, anafunsa ngati kuli bwino kukoleka chingwe cha malamba otetezera kugwa ku paipi yotulutsa mpweya ija imatuluka padenga. Mtima wanga unagunda chifukwa ndiye kuti akhala akutero ine osaona. Mayi aja sanawaseke, anawafotokozera kuti pokolekapo pamayenera kupirira mapaundi 5,000 pa munthu mmodzi, anati ganizani ngati mungapachikepo galimoto ya pikapu, ngati simungapachikepo ndiye musakolekepo moyo wanu. Kenako aliyense anavala malamba ake pomwepo, iwo nkumayendera mmodzi mmodzi kukoka zomangira za m'ntchafu, atatu zinali zokhwepa kwambiri. Anatiuzanso chinthu chomwe ine kosi ya pa intaneti ija sichinandilowe, kuti munthu akagwa nkulendewera pa malamba sikuti wapulumuka basi, akakhalitsa choncho magazi amadikha m'miyendo ndipo akhoza kukomoka, ndiye pamafunika kudziwiratu kuti timutsitsa bwanji tisanakwere nkomwe.

Mbali yaikulu ya kosiyi ndi ngozi zinayi zomwe zimapha anthu ambiri pa zomangamanga, kugwa, kumenyedwa ndi chinthu, kupanidwa kapena kukwiririka, ndi magetsi. Kugwa ndiye nambala wani ndipo kwa ife a madenga ndi pomwe panali nkhani. Ukangokwera mafiti 6, omwe sakukwana ndi mamita awiri omwe, pamayenera kukhala chokuteteza. Makwerero azipitilira mafiti 3 pamwamba pa pomwe ukutsikirapo, ndipo pa mafiti 4 aliwonse okwera, phazi lake litalikire futi imodzi kuchoka kukhoma. Mawaya a magetsi a pamwamba kuwatalikira mafiti 10, makamaka ukanyamula makwerero a aluminiyamu. Za maenje anadutsa mwachangu poti si ntchito yathu, anangoti dzenje likafika mafiti 5 osalowamo popanda zotchinjiriza makoma ake chifukwa dothi limalemera zoti sungadzikumbe wekha.

Atafika pa za ufulu wa wantchito m'kalasi munangoti zii. Anthu amayang'ana ine poti ndine kapitawo, ndiye ndinatuluka dala kukaima panja kwa kanthawi kuti amasuke. Zomwe anaphunzira pamenepo ndi zoti chisoti, malamba, magalasi a m'maso ndi zina zotero amagula ndi bwana osati kukudula pa malipiro, zoti bwana akuyenera kukuphunzitsa m'chiyankhulo chomwe umamva osati kungokusainitsa pepala, zoti ukhoza kukadandaula za malo oopsa ndipo ukachotsedwa ntchito chifukwa chodandaula uli ndi masiku 30 okha oti ukanene. Ndipo chitetezo chimenechi ndi cha wantchito aliyense, kaya mapepala ako ali bwanji. Nambala ya OSHA ndi 1-800-321-6742 ndipo amathandizanso m'Chisipanishi. Izi nanunso abale anga amene muli m'mafakitale zisungeni, si za a Chisipanishi okha.

China chomwe ndinakonda ndi za kutentha. Amene munakhalapo ku Texas mu Julaye mukudziwa, kumafika madigiri 100 a kuno, kwathu tingati 38, ndiye padenga la phula pamatentha kuposa pamenepo, ku Nsanje kumachepa. Mawu awo ndi atatu, agua, descanso, sombra, kutanthauza madzi, kupuma, mthunzi. Kumwa kapu ya madzi mphindi 20 zilizonse ngakhale ulibe ludzu, ndipo munthu watsopano osamupatsa tsiku lonse padzuwa sabata yoyamba, thupi lizolowere kaye pang'onopang'ono. Tonse tinaika pa foni ka app kaulere ka OSHA ndi NIOSH, nthambi ina ya boma yofufuza za chitetezo pantchito, kosonyeza kuopsa kwa kutentha, kali ndi Chisipanishi komwe.

Koma si zonse zinali bwino, ndinene chilungamo. Sukulu yomwe inakonza kalasiyi, sinditchula dzina, mavidiyo ake ndi akalekale ndipo ena anangoikapo mawu a Chisipanishi pamwamba pa Chingerezi moti zimamveka zonse ziwiri nthawi imodzi, anthu amangoyang'anana. Zithunzi zina za pakhoma zinali zisanamasuliridwe nkomwe, mayi aja amachita kumasulira okha pomwepo. Kabuku komwe anagawa Chisipanishi chake ndi cha m'mabuku, anyamata amati mawu ena pa saiti satchula choncho, komanso a ku Honduras ndi a ku Mexico zida zina amazitchula mosiyana. Chipinda chinali chothina, ndipo makhadi tinadikira masabata angapo mpaka ndinaimba foni kawiri.

Chomwe chinandipweteka kwambiri ndi kamnyamata ka ku Guatemala kaja. Ine ndimangoti onse ndi a Chisipanishi, osadziwa kuti iye kwawo amalankhula K'iche', Chisipanishi anachiphunzira atakula ngati momwe ife tinaphunzirira Chingerezi, ndipo kuwerenga kumamuvuta. Tsiku loyamba lonse anangokhala duu kumapeto. Nditazindikira ndinakawanong'oneza aphunzitsi, ndipo tsiku lachiwiri anakhala naye pafupi, kumusonyeza ndi manja, mafunso omaliza anachita kumuwerengera pang'onopang'ono ndipo anayankha bwinobwino. Mayi aja ndikuwathokoza, koma sukuluyo ikanayenera kufunsa zimenezi polembetsa pomwe, chifukwa anthu ngati iyeyu alipo ambiri pa masaiti a kuno, ena a Mam, ena a Q'eqchi'.

Ngati mukufuna kutumiza anthu anu, malangizo anga ndi oti sankhani kalasi ya maso ndi maso osati ya pa intaneti. Ya pa intaneti ndi yotchipa inde koma munthu amangodina next next pa foni ali wotopa usiku, palibe womukoka lamba kuti aone ngati wamanga bwino. Funsani kuti muone khadi la mphunzitsi losonyeza kuti ndi wololedwa. Ndipo chonde osagula makhadi a chinyengo aja amagulitsa popanda kulowa m'kalasi, khadi silingakugwire ukamagwa. Dziwaninso kuti khadi la OSHA 10 si laisensi, ndi poyambira chabe, bwana akuyenerabe kuphunzitsa anthu za zoopsa za pa saiti yawoyo.

Zaulere ziliponso zambiri, pa webusaiti ya OSHA pali timakhadi ndi mapositala a m'Chisipanishi, bungwe la CPWR loona za chitetezo pa zomangamanga nalo lili ndi timapepala ta nkhani zachidule zokambirana m'mawa ntchito isanayambe. Ine ndimapulinta kamodzi Lolemba lililonse, amawerenga ndi mmodzi wa iwo mokweza osati ine, sabata ino uyu sabata ya mawa uyo. Nane ndaphunzirako, casco ndi chisoti, arnés ndi malamba, escalera makwerero, andamio nsanja, cuidado ndi samala. Ndikamaona zimenezi ndimakumbuka achimwene anga omwe amamanga nyumba ku Lilongwe, kukwera nsanja ya mitengo ya bulugamu atavala patapata, ndimalakalaka timapepala ngati timeneti titakhalapo m'Chichewa ndipo tina ndayamba kuwafotokozera pa WhatsApp.

Nyenyezi ndikupereka 4 pa 5, aphunzitsi okha akanatenga zonse 5, imodzi yachoka chifukwa cha mavidiyo ndi nkhani ya mnyamata uja. Lolemba likubwerali ndi tsiku lake loti atsogolere zokambirana za m'mawa, tagwirizana kuti sawerenga pepala, angotenga makwerero nkutisonyeza kaimikidwe kake.