Laser pa chigongono: mmene chilili patapita miyezi

Ndine kalipentala, ndipo chaka chatha chigongono changa chakumanja chinayamba kuwawa penipeni pa kafupa kakunja. A mafizo anati ndi tennis elbow, yobwera ndi hamala ndi sowo za tsiku ndi tsiku. Zinafika poti ketulo yodzaza inkandikanika kunyamula. Pa chithandizo chomwe anandipatsa panali laser, kuwala kwapadera komwe amawalitsa pamalo owawa, ndipo tsopano padutsa miyezi yambiri chimalizireni.

Kachipangizoko kamangooneka ngati tochi yaing'ono. Nonse awiri mumavala magalasi otchinga, chifukwa kuwala kwake kwa 904 nm (nambala yosonyeza mtundu wa kuwalako) sikuoneka koma kungathe kuwononga maso. Amakagunditsa pakhungu, malo angapo pomwe mtsempha umagwirira fupa, kamphindi pano kamphindi apo. Sumva kutentha kapena kulasa, popeza ndi laser ya gulu la 3B, lomwe mphamvu yake sipitirira 500 mW, theka la watt. Ukamalipira ndiye mtima umafunsa kuti kodi achita chiyani pamenepa.

Si zachilendo ayi. Dokotala wa ku Hungary, Endre Mester, ndi amene anayamba kuzindikira zimenezi mu 1967 ku Budapest, ataona ubweya wa mbewa zomwe anazimeta ukumera msanga akaziwalitsa laser yofooka. Mu 2008, Jan Bjordal wa ku Norway ndi anzake anaunika kafukufuku wa vuto ngati langali, n'kupeza kuti laser ya 904 nm yolunjika pa mtsempha imachepetsa ululu kwa kanthawi. Mawu akuti kwa kanthawiwo ndi omwe ndawaona pathupi panga.

M'masabata oyamba ululu unatsikadi. Usiku ndinasiya kudzidzimuka ndikagonera dzanjalo, ndipo ndinayamba kukwanitsa zolimbitsa mkono zomwe poyamba zinkandiliritsa: kutsamiritsa mkono patebulo, botolo la madzi m'manja, dzanja linalo kulikweza, lodwalalo n'kumalitsitsa pang'onopang'ono. N'zotopetsa, koma ndi zomwe zandisunga. Nditapeza ntchito yokhoma denga la sukulu ina ndinalibe mpata wochita zimenezi, ndipo ululu unabwerera ndithu, laser yonse ija ndinaimaliza kale. Ntchito itatha ndinayambanso za botolo zija, chigongono chinakhazikika popanda kubwereranso pamakina.

Mnzanga wina anagula kachipangizo kotchipa pa intaneti n'kundibwereka. Kamawala kofiira, kokongola ndithu, koma pabokosi sanalembe mphamvu yake kapena mlingo woyenera, ndipo sindinamve kusintha kulikonse.

Ndiye amene akufunsa ngati alipire, ndimati lipirani ngati ululu ukukulepheretsani ngakhale kuyamba mafizo, ndipo funsani kuti akupatsani mlingo wanji ndiponso zolimbitsa thupi zotani. Akakuuzani kuti laser payokha ikuchizani, sungani ndalama zanu. Muwauzenso msanga ngati muli ndi chotupa cha khansa kapena ndinu oyembekezera, chifukwa pa chotupa ndi pamimba pa mayi woyembekezera sawalitsapo.