Masiku 365 kapena chaka chathunthu?

Tinene kuti mukulemba pulogalamu ya lendi ya nyumba za ophunzira ku Chikanda kuno ku Zomba, pangano lake la chaka chimodzi, ndipo mukufuna kuti pulogalamuyo ipeze tsiku limene panganolo lidzathe. Mu Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, njira zilipo ziwiri.

Kuwonjezera masiku 365 ndi timedelta, chida cha Python chowerengera kutalika kwa nthawi, n'kosavuta, koma kumaphonya. Mukayambira pa 10 Januwale 2028 mufika pa 9 Januwale 2029, poti Febuluwale wa 2028 ali ndi masiku 29. Wochita lendi waberedwa tsiku.

Ine ndimakonda njira yachiwiri, relativedelta ya mu dateutil, phukusi lowonjezera la Python la zamadeti. Imasintha chaka chokha, tsiku n'kukhala lomwelo, ndipo 29 Febuluwale imamubweza pa 28 chaka chotsatira. Musaisokoneze ndi replace, lamulo la Python losinthira chaka pa deti, yomwe pa tsiku limenelo imangogwa ndi ValueError, uthenga woti detilo kulibe. Ku JavaScript, chilankhulo china cha mapulogalamu, setFullYear yosinthira chaka imalumphira pa 1 Malichi, choncho mufunseni kaye mwini nyumba kuti akufuna tsiku liti.