Mapaipi amadzi a HDPE kapena achitsulo, chivomezi chikabweranso ku Salima?

Tisaiwale abale kuti Salima ili mu Rift Valley, chigwa chachikulu chomwe chimachitika zivomezi, chivomezi cha pa 10 Malichi 1989 chinagwetsa nyumba zambiri konkuno. Ndiye pansi pa nthakapa tiziikapo mapaipi ati?

HDPE, pulasitiki wakuda uja, amamulumikiza pomutenthetsa mpaka mapaipi awiri asanduke imodzi, ndiye nthaka ikamagwedezeka iye amangopindika osaduka, sachita dzimbiri, ndi wopepukanso moti anyamata amanyamula pamanja. Vuto lake pamafunika mashini ndi munthu woidziwadi ntchito, joini yowotcha mothamanga imang'ambika basi.

Achitsulo a ductile iron (chitsulo chosathyoka msanga) opangidwa ku Japan aja ndi nkhani ina, joini yake imasuntha pang'ono koma ili ndi loko, siizuka. Pa chivomezi cha mumzinda wa Kobe ku Japan mu 1995 mapaipi ambiri anaphulika, amtunduwu anapirira. Koma mtengo wake eee, kulemeranso kwake mpaka kuitana kireni.

Ine ndikuona kuti m'makwalala a ku Kamuzu Road ndi mumchenga wa ku Senga Bay HDPE akukwana, chitsulocho tisungire paipi yaikulu yochokera ku thanki ndi yopita kuchipatala. PVC, pulasitiki wina uja wa joini ya labala, ndiye ayi, nthaka ikakoka amangosololoka.