Mabotolo 7 ndinagula, awiri okha ndiwo atilerera mwana

Mwana wanga akwanitsa miyezi 11 sabata yamawa. Dzulo pokonza m'kabati ndinapeza jumbo ya mabotolo omwetsera mwana amene ndinagula ndili woyembekezera komanso nditangochira. Kuphatikiza awiri amene ali pa thebulo, onse amene ndinagula anali 7. Awiriwo, aang'ono a mamililita 125, ndiwo agwira ntchito kuyambira mu Julaye mpaka lero. Ena mwana anangowalawa kanthawi kochepa, lina silinalowepo ndi mkaka womwe. Anzanga awiri a ku ofesi ali ndi pakati ndipo amandifunsa kawirikawiri kuti agule ati. Ndinkawauza kuti adikire, chifukwa sabata yoyamba chinthu chilichonse chatsopano chimaoneka chabwino. Tsopano miyezi 9 yakwana, ndingathe kunena.

Botolo sindinalifune chifukwa cha chitukuko ayi. Lamulo la ntchito kuno ku Malawi limapereka masabata 8 a tchuthi chokachira. Nditaonjezera masiku anga a tchuthi cha pachaka, ndinabwerera ku ntchito kumayambiriro kwa Seputembala mwana ali ndi miyezi itatu. Wokhala ku Area 25 n'kumagwira ntchito ku City Centre mu Lilongwe muno sangathamangire kunyumba masana kukayamwitsa n'kubwerera, minibasi yake iti? Komabe ndinkafunitsitsa kuyamwitsa mwakathithi mpaka miyezi 6. Choncho mkaka umene ndikunena pano ndi wanga womwe, wofinya, osati wa m'chitini.

Nditafunsa ku sikelo, anamwino sanachedwe kuyankha: "Mayi, botolo ayi. Finyirani m'kapu, azimwa ndi kapu." Anati kamphira koyamwa kaja, kamene timati titi, kamasunga litsiro ndipo ana ambiri amatsegula nako m'mimba, komanso mwana akazolowera titi amayamba kukana bere. Anandikumbutsa kuti ngakhale ana obadwa masiku asanakwane amamwetsedwa ndi kapu kuchipatala. Ndinayesa ndithu. Apongozi anga, amene anabwera kuchokera ku Dedza kudzatithandiza, kapuyo ankaitha bwino kwambiri. Koma mtsikana amene anati azitsala ndi mwana manja ankanjenjemera, ndipo mkaka umene ndaufinya kwa theka la ola unkathera m'chitenje. Amene anafinyapo mkaka ndi manja akudziwa mmene mtima umapwetekera ukaona ukutayika. Ndinasankha botolo, koma mawu a anamwino aja ndinawasunga, ndipo mu Januwale anandipeza.

Tinayamba mwana ali ndi masabata 6, atazolowera kale bere. Ine ndikamupatsa ankangotembenuzira mutu pachifuwa panga, chifukwa fungo la mkaka akulimva pomwepo, ndiye avutikirenji ndi mphira? Zinatheka tsiku limene ndinapita kumsika n'kusiyira bambo ake, mwana atangodzuka, njala isanamukwiyitse. Kenako ndinalakwitsa ndekha. Poona kuti wadziwa, ndinasiya kwa masabata awiri mu Ogasiti, ndipo titayambiranso anakana ngati sanalionepo. Khanda la masabata ochepa limayamwa chilichonse chimene chakhudza m'kamwa mwake, koma likamafika miyezi itatu limayamba kusankha. Kuyambira pamenepo tinkamupatsa mamililita 30 tsiku lililonse, kungoti asaiwale.

Mabotolo awiri oyamba ndinagula m'sitolo ina m'tauni, otsika mtengo, okhala ndi zithunzi za tizimbalangondo. Vuto lake linali kabowo ka titi. Ukalizondotsa botolo, mkaka umangoyenda wokha ngati mpopi wosatseka bwino. Mwana ankatsamwa, n'kumaliza zonse m'mphindi zitatu, n'kulira. Madzulo ndikamuika kubere ankakwiya, kukoka n'kusiya, kukoka n'kusiya, chifukwa kubere mwana amayenera kuyamwa kaye kanthawi mkaka usanatsike. Pamenepo m'pomwe ndinamvetsa kuti mwana sasokonezeka ndi maonekedwe a titi monga timanenera. Iye wangopeza poti mkaka umabwera mosavutikira, ndipo ndani angakane zaulere? Manambala a pambali anafufutika patatha mwezi umodzi. Panalibenso polemba paliponse kuti pulasitiki yake ilibe BPA, mankhwala amene maiko a ku Ulaya a mu EU komanso South Africa analetsa m'mabotolo a ana mu 2011.

Lachitatu linali lodula, lokhala ndi kapaipi m'kati koti mwana asamamwe mpweya. Mwina kwa ana amene amavutika ndi m'mimba limathandiza, wanga analibe vuto limenelo. Chimene ine ndinaona n'chakuti lili ndi tizidutswa tambirimbiri ndi kaburashi kakekake kotsukira kapaipiko. Tsiku limene madzi asiya kutuluka kumpopi, uli ndi ndowa imodzi yoti uphikire, usambitse mwana ndi kuchapa matewera, kapaipi kameneko umakatukwana. Linagwira ntchito masiku 5.

Awiri ena anali aakulu a mamililita 260, ndinagula poganiza kuti mwana akamakula azimwa wambiri. Sanadzazidwepo n'kamodzi komwe. Mwana woyamwa bere lokha amamwa pafupifupi mamililita 750 patsiku, ndipo kuchokera mwezi umodzi kufika miyezi 6 muyezo umenewu susintha kwenikweni. Wanga ankamwa 90, akachulutsa 120, pa nthawi imodzi. Botolo lalikulu limangonyenga wolera mwana kuti athire wambiri, pomwe wotsala mwana atayamwapo suyenera kupitirira maola awiri, umatayidwa.

Awiri amene atsala ndi a Philips Avent, anabwera nawo alamu anga pa basi kuchokera ku Johannesburg. Sindikunena kuti ndi okhawo abwino padziko, mnzanga wina walera ana awiri ndi a Pigeon ndipo sadandaula. Chimene ndawakondera n'chakuti kukamwa kwake n'kotakata, burashi imafika pansi penipeni ndipo umaona ndi maso kuti mwayera. Zidutswa zake ndi zinayi basi: botolo, titi, mkombero womangira titi ndi chivindikiro. Awiritsidwa kambirimbiri, agwa pa simenti kangapo, sanang'aluke ndipo sadontha. Pulasitiki yachita mbuu pang'ono, koma manambala akuwerengeka.

Chachikulu chimene ndaphunzira chili pa titi. Matiti amakhala ndi manambala osonyeza liwiro la mkaka, ndipo pa bokosi amalembapo miyezi ya mwana. Mwana atakwana miyezi 5 ndinati wakula, ndimugulire yotulutsa mkaka wambiri. Pasanathe masiku atatu khalidwe lija lokwiyira bere linabwerera. Ndinabwezeretsa yapang'onopang'ono ija, ndipo ndi mtundu umenewo umene akuyamwa mpaka lero. Nditaganiza bwino ndinadziseka: bere langa silinaonjezere mabowo mwana atakwana miyezi 5, nanga titi ionjezerenji? Matiti ndasintha katatu. Ikayamba kumata m'manja kapena kuchita thimbwi, yatha. Mano atatuluka ndinayamba kuikoka ndi zala ndisanathire mkaka, ndipo tsiku lina ndinapeza yang'ambika m'mbali. Pogula botolo gulirani limodzi matiti apadera a mtundu womwewo, chifukwa titi ya kampani ina nthawi zambiri sikwana pa mkombero wa ina, ndipo ine ndinazungulirapo m'mafamase tsiku lonse la Loweruka.

Kamwetsedwe nakonso tinalimbana nako. Apongozi ankamugoneka mwana chagada pamiyendo, botolo lili chilili. Akamaliza msanga ankati, "Mwaona mwananga, mwanayu sakukhuta, muzimuonjezera phala lamadzimadzi." Kutsutsa apongozi pamaso n'kovuta, ndiye ndinangoti, "Amayi, akuchipatala akuti tiziyesa chonchi," n'kuwaonetsa: mwana akhale tsonga, botolo ligone chopingasa kuti mkaka ungofika kunsonga kwa titi, akameza kangapo mutsitse botolo apume. Mamililita 90 omwewo ankatenga mphindi 10 kapena 15, mwana n'kugona osalira. Nkhani ya phala inazilala yokha mpaka miyezi 6 itakwana. Pobwerera ku Dedza anali iwo amene ankamukalipira mtsikana uja akaimika botolo.

Okutobala ndiye anatiyesa. Mkaka wofinya ukhoza kukhala panja maola anayi pamalo pozizira bwino, m'furiji masiku anayi, koma kutentha kwa Lilongwe mwezi umenewo, magetsi n'kuzimanso, masamu ake amasintha. Ndinkaumitsa madzi m'mabotolo a zakumwa n'kuwaika pamodzi ndi mkaka m'kachikwama kosunga kuzizira, popita ndi pobwera ku ntchito, ndiponso kunyumba magetsi akapita. M'furiji ndimaika kumbuyo kwenikweni, osati pachitseko. Tsiku lina mtsikana uja anataya mkaka wonse wa dzulo lake ati wasasa, chifukwa anaona mafuta atayandama pamwamba. Umatero mkaka wa m'mawere ukakhala, umangofunika kuuzunguza pang'ono ukatenthetsedwa m'kapu ya madzi ofunda. Ndinalira, koma kulakwa kunali kwanga, sindinamuuze.

Mu Januwale mvula ili pakati mwana anatsegula m'mimba masiku awiri. Anali atayamba kukwawa n'kumatola chilichonse, choncho sindingaloze chala botolo motsimikiza. Koma usiku umenewo nditachotsa titi pa mkombero ndinapeza zoterera zachikasu m'kamzere kamene ziwirizi zimakumana. Tinali titatayirira, tikungotsuka titi ili pa mkombero pomwepo, kuwiritsanso tikudumphitsa masiku. Ndinakumbukira nkhope ya anamwino aja. Kuyambira tsiku limenelo chilichonse chimamasulidwa, kutsukidwa ndi sopo ndi burashi yakeyake yosakhudza mbale, n'kuwiritsidwa mphindi 10 m'poto wakewake madzi ataphimba zonse, kenako kuuma chozondoka pa nsalu yoyera. Amene alibe madzi odalirika, makala owiritsira tsiku ndi tsiku, kapena munthu wosamala wotsala ndi mwana, ndimamuuza mosabisa kuti atsate za kapu zija. Kapu umaitsuka kamodzi n'kuona paliponse.

Ndipo kapuyo yapambana ndithu pamapeto pake. Chiyambireni phala, madzi amamwera m'kapu yopanda chivindikiro, ndipo pano mkaka wam'mawa amamweranso momwemo. Botolo latsala la masana lokha pofuna kugona, ndipo ndikufuna pofika tsiku lake lobadwa likhale litapita. Bere akuyamwabe m'mawa ndi usiku.

Mabotolo awiri aja ndalonjeza mnzanga amene achire mu Ogasiti, matiti akagule atsopano. Lakapaipi palibe amene akulifuna. Limodzi mwa aakulu aja ndinalisungunula ndekha pa mbaula madzi ataphwa ndili pa foni, linzake bambo a mwana akusungiramo misomali.