Ntchisi, Nyungwe kapena Bwindi: wa ku Chipata ayambire kuti?

Ife a kuno ku Chipata, Luangwa anatilera moipa. Ukanyamuka m'mawa, makilomita pafupifupi 130 okha wafika ku Mfuwe, ndipo usanawoloke n'komwe mlatho wolowera m'paki waona kale mvuu zitaunjikana m'madzi ngati miyala, njovu zikuthyola nthambi m'mphepete mwa msewu. Iwe umangokhala m'galimoto, nyama n'kumadzibweretsa zokha. Ndiye munthu wozolowera zimenezi akamva zoti kunja kuli nkhalango zowirira kumene mvula siitha, amaganiza kuti ndi Luangwa yemweyo, kungoti wobiriwira kwambiri. Ine ndinapita ndi maganizo amenewo. Tsiku loyamba ndinabwerako nditanyowa, miyendo ikuphwanya, ndipo chamoyo chimene ndinachiona bwinobwino chinali gulugufe.

M'nkhalango zotere umayenda wapansi, khosi lili chagada, ndipo zambiri umazimva ndi makutu osaziona. Ndaponda zitatu, Ntchisi ku Malawi, Nyungwe ku Rwanda ndi Bwindi ku Uganda, ndipo anzanga angapo akhala akundifunsa kuti ndalama yawo aiponye kuti.

Ntchisi ndi pakhomo. Udutsa pa malire a Mwami, pamene kuyambira mu Disembala 2022, a Hichilema ndi a Chakwera atatsegula nyumba yatsopano ija, zodinda mapasipoti zimathera malo amodzi. Ukafika ku Lilongwe utenga msewu wa M1 kuloza kumpoto, pa Mponela ukhota kulowera ku boma la Ntchisi, kenako kamsewu kafumbi kokwera phiri. Viza palibe, womasulira safunika, nsima ndi yomweyi, ngakhale kuti ndikangotsegula pakamwa amayi a pamsika ankadziwiratu kuti ndine wa tsidya lino. Ngati mukupita pa galimoto yanu, musaiwale khadi lachikasu la inshuwalansi ya COMESA, komanso mudzaziretu thanki kuno, chifukwa kwa anzathuwo mafuta amatha kusowa osalaira.

Nkhalangoyo ndi yaing'ono, ndipo mbali yaikulu ndi tchire ngati lathu lomweli, la mitengo ya mombo ndi misuku. Yowirira yeniyeni ili pamwamba pa phiri, pafupifupi mamita 1,700 kuchokera pamene nyanja yamchere imalekezera. Kusinthako kumachitika mwadzidzidzi. Ukuyenda padzuwa, masamba ouma akulira kumapazi, kenako mwangolowa mumdima wozizira wonunkha chinyontho. Pamenepo ndinaona kachere atakulunga mtengo wina mpaka kuupha, mwini wakeyo n'kuwola, kutsala mphako yoti mwana wanga anaimamo chilili. Anchima ankadumpha m'mwamba, ife kumangoona michira. Boma linayamba kuteteza malowa mu 1924, koma akuluakulu a kumeneko amati Achewa ankathawiramo kale pobisalira nkhondo za Angoni. Alamu anga ndi Mngoni wa kwa Mpezeni, ndiye wotiperekezayo atamva anaseka n'kunena kuti, "Bambo, makolo anu anakanika kulowa muno ndi nthungo, inu mwalowa ndi botolo la madzi." Sipanapite nthawi alamuwo anaima pamzere wa linthumbu akujambula maluwa, ndipo gule amene anavina pamenepo ngakhale pa Nc'wala sanamuvinepo. Kuyambira tsikulo, buluku timalilowetsa m'sokosi.

Chofooka cha Ntchisi n'chakuti masiku awiri mwaimaliza, nyama zazikulu musayembekezere, ndipo nthawi ya mvula kamsewu kaja kamafuna galimoto yamphamvu. Koma ndalama yake ndi ya mafuta, pogona ndi kangachepe ka wokuperekezani. Ana amaloledwa, agogo amphamvu zawo amathanso kuyenda tinjira tafupitafupi.

Nyungwe ndi nkhani ina. Poyamba pali makilomita oposa 550 a basi kukafika ku Lusaka, kenako ndege ya RwandAir mpaka ku Kigali, kenakonso maola 5 kapena 6 pamsewu wokhotakhota wodzera ku Huye. Ife a mu Africa sitilipira viza, koma matumba apulasitiki asiyeni kunyumba chifukwa dzikolo linawaletsa mu 2008, ndipo magalimoto kumeneko amayenda kudzanja lamanja, zimene zinandichititsa kuponda mabuleki osaoneka ulendo wonse ndili pampando wakutsogolo. Ukamayandikira umadutsa m'minda ya anthu yolimidwa mpaka pansonga pa mapiri, kenako nkhalango imangoyamba ngati khoma. Chakumadzulo, ku Gisakura, minda ya tiyi imafika mpaka m'tsinde mwa mitengo, malire ake ngati adula ndi mpeni.

Kukula kwake ndi masikweya kilomita oposa 1,000, ndipo mu 2023 bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse. Kuyambira mu 2020 amene akuiyendetsa pamodzi ndi boma ndi a African Parks, omwewa ali ku Liuwa ndi ku Bangweulu kwathu kuno. Ili pamtunda kwambiri, malo ena pafupifupi mamita 3,000, choncho mukamva kuti ndi kufupi ndi equator musanyamule malaya opyapyala okha. Usiku kumazizira ngati Juni wa kuno, ndipo m'mawa nkhungu imadzaza zigwa moti mapiri amaoneka ngati zilumba. Mvula yogwa pamapiri amenewa imagawikana, ina kupita ku mtsinje wa Congo, ina ku Nile.

Chimene chinandikopa ndi kuchuluka kwa zochita. Muli mitundu 13 ya anyani ndi apusi, mbalame mitundu yoposa 300, ndi njira zambiri zoti munthu asankhe malinga ndi mawondo ake. Apusi akuda a ubweya woyera m'mapewa, otchedwa kolobasi, amayenda m'magulu a mazanamazana, ndipo akamadutsa pamwamba pako mitengo imachita phokoso ngati kukubwera chimphepo. Achimpanzi ndiwo ovuta. Amakudzutsa tambala asanalire, n'kumathamangira kumene akulira, iwo akusamuka, iwe ukuterereka. Ife tinawapeza patatha maola atatu, ali pamwamba pa mkuyu, akutigendera makoko a nkhuyu. Ena tsiku lomwelo anangomva mawu okha. Ndalama sabweza, ndipo amakuuziranitu.

Kenako pali mlatho wa zingwe wodutsa pamwamba pa mitengo, pamalo otchedwa Uwinka, wotalika mamita 160, umene pakatikati pake pansi pali mamita 70. Umagwedera ndi phazi lililonse. Kutsogolo kwanga kunali mayi wina wa ku Kenya amene atafika pakati anangogwira zingwe mbali zonse n'kutseka maso, osapita kutsogolo, osabwerera. Wotitsogolera anamuyankhula pang'onopang'ono ngati wonyengerera mwana kumwa mankhwala, ife tonse tili pamzere kumbuyo. Nthawi yodikirayo ndi imene ndinaona nkhalango bwino kuposa ina iliyonse: nsonga za mitengo zili pansi panga, ndere zikulendewera ngati ndevu za nkhalamba, ndi chimbalame chabuluu chachitsumba chikuuluka molemera kuchoka pa nthambi ina kupita pa ina.

Bwindi sagulitsa nkhalango, amagulitsa ola limodzi. Ola limenelo ndi loima pafupi ndi magorila a m'mapiri, amene padziko lonse angopitirira pang'ono 1,000, ndipo kalembera wa mu 2018 anapeza 459 m'dera la Bwindi. Mtengo wa chiphaso chokaonera magorilawo unakwera mu Julayi 2024 kufika madola 800 kwa alendo a kutali, pamene ife a maiko ena a mu Africa anatiikira madola 500. Musadandaule msanga, ku Rwanda kuona magorila omwewo ku paki ya Volcanoes azungu amalipira madola 1,500. Malamulo ndi okhwima. Banja limodzi la magorila limaonedwa ndi anthu 8 okha patsiku, mwana wosakwana zaka 15 saloledwa, ndipo ukakhala ndi chimfine amakubweza chifukwa nyamazo zimatenga matenda athu. Khadi la katemera wa yellow fever limafunika polowa mu Uganda. Wotchi muisunthe ola limodzi kutsogolo.

Ngati muli kale ku Kigali, Bwindi ali pafupi kusiyana ndi kuchokera ku Kampala. Kudzera pa Cyanika ndi Kisoro ndi theka la tsiku, pamene kuchokera ku Kampala ndi tsiku lathunthu. Koma samalani apa. Pakiyo ili ndi zipata zinayi, Buhoma, Ruhija, Rushaga ndi Nkuringo, ndipo chiphaso chimalembedwa chipata chimodzi. Amene anandikonzera ulendo anandigoneka mbali ina chiphaso chili cha mbali ina, moti tinadzuka pakati pa usiku n'kumazungulira mapiri mumdima kuti tikapezeke nthawi yake.

Cholakwa chachiwiri chinali changa. Pachipata pamakhala anyamata ndi atsikana onyamula zikwama, ndipo ine ndinakana, ati wokulira m'mapiri a Chipata, wokwera Kanjala Loweruka lililonse. Phiri la Kanjala lilibe matope oterera ngati therere. Patatha ola ndinali nditagwira dzanja la mtsikana amene analembedwa ganyu ndi munthu wina, akundikoka ngati mbuzi yokana kupita kumsika. Mulembeni wonyamula katundu. Ambiri ndi a m'midzi yozungulira, imene inataya malo osakako ndi kutemako mitengo pamene nkhalangoyo inasanduka paki mu 1991, nthawi yomwe anthu a mtundu wa Abatwa amene ankakhala m'katimo anatulutsidwa.

Ola lija lokha sindinganame, ndi lalikulu. Chimphongo cha msana wotuwa chinakhala tsonga chikusenda tsinde la chomera ndi mano, modekha ngati agogo akudya nzimbe pakhonde, mwana wake akugubuduka pamimba pa make. Chinatiyang'ana kamodzi n'kupitiriza kudya. Koma mutandifunsa kuti nkhalango ya Bwindi imaoneka bwanji, ndingakuuzeni za mizu ndi matope, chifukwa ulendo wonse maso anali kumapazi, ndipo pobwerera ndinkangoganiza za madzi otentha.

Ndiye funso lija ndimaliyankha chonchi. Amene sanalowepo m'nkhalango yotere ayambe ndi Ntchisi, akaone ngati kunyowa, kukwera ndi kusaona nyama kukumusangalatsa, asanagulitse ng'ombe. Pali anthu amene zimenezi siziwakomera, ndipo ndi bwino kuzidziwira pa mtengo wa thanki imodzi ya mafuta. Amene wakonda, ndipo ali ndi ya ndege, apite ku Nyungwe akakhaleko masiku atatu kapena anayi, makamaka pakati pa Juni ndi Seputembala pamene mvula imachepako. Ndalama ya chiphaso chimodzi cha Bwindi kumeneko imakugulira zochita za masiku angapo. Bwindi ndi wa munthu amene mtima wake uli pa gorila basi, ndipo ameneyo ngakhale nditamuletsa sangandimvere. Alipo ena amene amanditchulira Udzungwa ku Tanzania, kumene sitima ya TAZARA imaima pa Mang'ula pafupi ndi chipata cha paki, koma kwa ife a kum'mawa kuno kukapeza sitimayo ndi ulendo pawokha.

Ife tagwirizana zobwerera ku Ntchisi mu Januwale, nthawi imene maluwa a m'nkhalangomo amachuluka. Alamu agula kale majombo pa msika wa Kapata, ndi sokosi zazitali mapeya awiri.