Kashopu ka mabuku a kaunjika ku Limbe, ndapitako kanayi tsopano

Ineyo zosaka mabukuzi ndinaziyamba chifukwa cha manyazi, ndisaname. Mwana wanga ali sitandade 7, zaka 12, chaka chamawa akulemba mayeso a MANEB aja, koma tsiku lina ndili pambaula ndinamupatsa nyuzi kuti andiwerengere, eee, amawerenga ngati akuponda paminga, liwu ili kuima, linalo kulidumpha, ndikamufunsa kuti nkhaniyo ikuti chani akungonditong'olera maso. Mabuku akusukulu ali nawo, aja a MIE ochokera ku Domasi, koma kuwatsegula pokhapokha kukhale homuweki. Ndiye mnzanga wakutchalitchi anandilozera kashopu kena ku Limbe, mukatsika minibasi mumayenda pang'ono kulowera chakumsika. Dzina sinditchula.

Mabuku ake ambiri ndi a kaunjika ochokera ku UK ndi ku America, ena ali ndi chidindo cha laibulale ya sukulu zakumeneko, ena mukatsegula mupeza dzina la mwana wa eni analemba ndi bolopeni yofiira. Fumbi ndiye musanene, amene muli ndi chifuwa konzekerani kuyetsemula. Mwini wake ndi bambo wachikulire, akuti anali mphunzitsi wa pulayimale asanapume, mwana wanga amangowatchula kuti agogo.

Tsiku loyamba ndinalowa ndi nzeru zanga, kutola chibuku chonenepa cholembedwa kumbuyo kuti ages 10-14, mumtima ndikuti basi tapeza. Agogo aja anangoseka. "Mayi, zaka alembazo ndi za mwana amene Chizungu anachiyamwa kubere, wathuyu amachipeza mkalasi basi." Kenako anamuitana. "Iwe mdzukulu, tsegula pakatipa uwerenge mokweza, liwu lililonse limene sukulidziwa pinda chala chimodzi." Asanafike ndi pakati pa peji pomwe dzanja linali litasanduka chibakera. Buku linabwerera pashelefu. Lachiwiri anapinda zala ziwiri zokha, ndipo atafika pansi anatembenuza peji yekha osauzidwa, agogo nkundiyang'ana kuti mayi mwaona? Akuti zala zikakwana zisanu papeji imodzi bukulo lamukulira, ndipo akapanda kupinda ngakhale chimodzi ndiye kuti lamuchepera, koma lomuchepera silimapweteka, lomukulira ndi limene limamudanitsa mwana ndi kuwerenga. Chimenechi ndi chimene chimandibwezera kumeneko, chifukwa mashopu ena akuluakulu mabuku amakhala omata m'mapepala a pulasitiki, ukangogwira wina ali kale pamsana pako.

China chimene sindinkachiganizira, vuto si mawu okha. Mabuku a ku America olembera ana a giredi 6 mpaka 8, amene kwathu kuno tingati sitandade 6 mpaka fomu 1 kaya 2, adzaza ndi za baseball, matalala a snow, basi yachikasu yodzatenga ana pakhomo. Wangayu anawerenga lina la Halloween nkubwera kukhitchini, "amama, ana awawa akugogoda m'makomo mwa anthu usiku kupempha maswiti, makolo awo ali kuti?" Ndinaseka mpaka ndiwo kutsala pang'ono kupserera. Sikuti ndi oipa ayi, adziweko za kwina, koma mukamugulira oterewa okhaokha amatopa msanga.

Limene linamugwira zenizeni ndi la William Kamkwamba, mnyamata wa kwa Wimbe ku Kasungu uja anapanga makina a mphepo otulutsa magetsi ali ndi zaka 14, atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi nthawi ya njala ya 2002 ija. Samalani pogula, lilipo la akuluakulu la 2009 ndi lina analifupikitsa nkulifewetsa kuti likhale la ana, la 2015. Ife tinapeza la ana lija, chikuto chitapindika koma mapeji onse ali bwino. Analimaliza sabata imodzi, magetsi atathima amawerenga ndi tochi ya foni yanga mpaka batire kutha, ndipo atafika pa za gaga ndi ganyu anakafunsa agogo ake enieni ngati iwonso anadya gaga chaka chimenecho, anacheza mpaka usiku. Komanso mnyamatayo nzeru za makinawo anazipeza m'buku la mulaibulale yaing'ono, ndiye mwana amaona yekha osachita kumulalikira.

Mwana wa achimwene, wa fomu 1, yemwe amati mabuku ndi ogonetsa, ndinamutenga ulendo wachitatu. Ine ndimafuna chinachake chooneka chanzeru, agogo akuti musiyeni atenge makomiki ndi kabuku ka mbiri ya osewera mpira. Ndinanyinyirika mumtima kuti ndalama zanga zikupita pa zithunzi, koma anawerenga onse ndipo anafunsa ena, ndiye ndinangokhala chete.

Zodandaula zilipo. Mabuku a Chichewa palibiretu, ndinangopeza la nyimbo zakutchalitchi ndi ena a sukulu a silabasi yakale. Ndinafunsa Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe, limene ife tinakula nalo, akuti likangofika limapita tsiku lomwelo. Chonsecho Chichewa chili pa mayeso a sitandade 8, ndipo mwana amene sawerenga bwino chilankhulo chake Chizungu chimamuvutanso. Pa zimenezi bola kukayesa ku National Library. Chachiwiri, shelefu ya achinyamata ndi yosakaniza, pakati pa nthano za ana mupezapo mabuku achikondi a akuluakulu, ena chikuto chooneka chosalakwa koma mkatimo, amangwetu! Ndinatsegula limodzi mwangozi nkulibisa kuseri kwa madikishonale. Musamusiye mwana yekha pamenepo, kapena afunseni agogowo kaye, ambiri anawawerenga. Chenji nayo imavuta, tengani ndalama zing'onozing'ono kapena mulipire pafoni.

Mitengo yake timabuku topyapyala ndimagula K1,500 kapena K2,000, tokulirapo mpaka K4,000, ndipo kunenerera kumatheka mukatenga angapo. Mukabweza buku lisanang'ambike amakudulirani theka pa lotsatira, ife tsopano timangozungulira momwemo.

Koma chinandikwiyitsa ndi ichi. Tinagula lina la mtsikana amene galu wake anasowa, mwana wawerenga masiku anayi, kufika kumapeto mapeji omaliza kulibe, ong'ambidwa bwinobwino ngati wina anakulungira mtedza. Analira ngati wamenyedwa. Loweruka tinabwerera ine nditakonzeka kukalusa, agogo anapepesa nkutipatsa lina ulere, kenako akumuuza mwanayo, "mdzukulu, mathero amenewo ndilibe, kalembe ako undibweretsere ndiwerenge." Analembadi mapeji awiri kumbuyo kwa kope la masamu, Chizungu chake chopunduka apa ndi apo, galuyo anakapezeka pa depoti ya Wenela akudya tchipisi. Panopa tisanalipire ndimayamba ndayang'ana peji yomaliza.